Mutu 9: Tsiku Limodzi ku Toledo

Sitima yothamanga imene imanyamuka pa siteshoni ya Atocha mumzinda wa Madrid imafika ku Toledo patangopita mphindi zopitirira pang'ono 30. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kulowera kummwera. Kuyandikira kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti alendo ambiri asamagone ku Toledo. Amafika m'mamawa, kuzungulirazungulira, dzuwa likamapendeka n'kukwera sitima yobwerera. Paja mlendo ndi mame, ndipo kuno mamewo sachedwa kukamuka.

Zoti munthu aone zilipo zosawerengeka. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika mzinda wakalewo wathunthu pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Muli matchalitchi, nyumba za masisitere, mizikiti yakale, masunagoge, zipata ndi milatho, zonse zothithikana pa phiri limodzi loti mutha kulidutsa wapansi m'theka la ola. Apa ndi pamene mlendo amasokonezeka mutu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amene afuna kulowa paliponse amabwerako miyendo ili zii, foni itadzaza zithunzi, koma mukamufunsa chimene waona amangoti, "Kuli matchalitchi ambiri." Ine ndimati munthu asankhe nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, makamaka zing'onozing'ono, ndipo paliponse pamene walowa azidzifunsa kuti anamanga pano ndani, ndipo anapita kuti. Toledo amamveka bwino mukamufunsa funso limenelo.

Mukatuluka m'siteshoni, imene inatsegulidwa mu 1919 ndipo inamangidwa ndi njerwa motengera kamangidwe kakale ka mumzindamo, musathamangire basi. Yendani wapansi mphindi khumi kufikira mutaona mtsinje. Umenewu ndi Tajo, mtsinje wautali kuposa yonse ya ku Spain ndi Portugal, umene umakathira m'nyanja yamchere ku Lisbon. Pa Toledo unakumana ndi thanthwe lolimba, n'kulikumba chigwembe chakuya ndi kulizinga mbali zitatu, kusiya kumpoto kokha. Mzinda wakhala pamwamba pa thanthwelo ngati nkhuku pa mazira. Ukangoona zimenezi umadziwiratu chifukwa chake aliyense amene analamulapo dziko lino ankafuna malo amenewa: mdani akanatha kubwera kuchokera mbali imodzi yokha, ndipo mbali imeneyo anaitseka ndi linga.

Mumawoloka pa mlatho wa Alcántara. Maziko ake ndi a nthawi ya Aroma, koma dzina ndi la Chiarabu, ndipo limangotanthauza kuti mlatho. Mukaima pakati pake n'kuyang'ana m'mwamba, mumaona chinyumba chachikulu cha ngodya zinayi chotchedwa Alcázar chili pansonga penipeni. Kuchokera pamadzi kukafika pamenepo ndi mamita pafupifupi 90 chokwera, ndipo kwa zaka mazanamazana madzi a mumzinda ankakwera pamsana pa abulu. M'zaka za m'ma 1560, Juanelo Turriano, mmisiri wa mawotchi wochokera ku Cremona m'dziko la Italy, anapanga makina a matabwa ndi zotungira za mkuwa, oyendetsedwa ndi mphamvu ya mtsinje womwewo, amene ankapatsirana madzi kuchokera chotungira china kupita china mpaka pamwamba. Makinawo anagwiradi ntchito. Koma madziwo ankathera m'nyumba ya mfumu, ndiye akuluakulu a mzinda anakana kulipira. Turriano anamwalira mu 1585 ali ndi ngongole. Makina ake kulibenso lero. Muzimukumbukira pamene mukukwera chitundacho thukuta lili kamukamu, ngakhale kuti masiku ano kuli masitepe oyenda okha othandiza amene mawondo awo sakufuna zokwera.

Mbiri ya mzindawu tingaidule motere. Aroma anaulanda cha m'ma 193 Yesu asanabadwe, n'kumautcha Toletum. Ufumu wawo utatha, mafumu a mtundu wa Visigoth anausandutsa likulu lawo, ndipo ndi kuno kumene mfumu Reccared inalengeza pamsonkhano wa mabishopu mu 589 kuti ufumu wake watsata chikhulupiriro cha Chikatolika. Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa anawoloka nyanja mu 711, ndipo posakhalitsa Toledo anali m'manja mwawo. Anakhala momwemo zaka zoposa 370, mpaka mfumu Alfonso VI ya ku León ndi Castilla inalowa mumzindawu mu 1085. Kuyambira pamenepo Toledo anali mmodzi mwa mizinda yaikulu ya mafumu achikhristu, kufikira mu 1561 pamene mfumu Felipe II inakhazika likulu lake ku Madrid. Kusamuka kumeneku kunaupweteka mzindawu, komanso ndi kumene kunausunga. Ndalama zogumulira zakale n'kumanga zatsopano zinapita kwina, ndipo zakalezo zinatsala chiimire.

Chitunda chikatha mumatulukira pabwalo la Zocodover. Nalonso dzina lake ndi la Chiarabu: msika wa ziweto. Pano m'pamene alendo amasonkhana, m'pamene pali mabasi ndi malo omwera khofi. Kuchokera apa timisewu timamwazikana ngati mizu ya kachere, topapatiza, tokhotakhota, tina totsekeka kumapeto, tina todutsa pansi pa nyumba. Kusochera n'kosapeweka, ndipo si tsoka. Kupapatizako kuli ndi ntchito yake, chifukwa m'miyezi ya July ndi August kutentha kumafika madigiri 40, ndipo mthunzi wa makoma aataliwo ndi umene umapulumutsa woyenda pansi. Mukayang'anitsitsa m'makona ena muona kuti khoma linasemedwa cha m'munsi kuti ngolo zizitha kudutsa. Nsapato zikhale zoyendera, pakuti pansi ponse ndi miyala.

Khamu la anthu limalunjika ku tchalitchi chachikulu. Inu yambani mwatsikira kumpoto, kufupi ndi linga, kumene kuli kanyumba kotchedwa Cristo de la Luz. Ndi kakang'ono zedi, mamita pafupifupi asanu ndi atatu m'litali ndi m'lifupi momwe, koma ngati nthawi ikanalola nyumba imodzi yokha, ine ndikanasankha kameneka. Unali mzikiti. Pakhoma lakumaso, pamwamba, pali mawu a Chiarabu olembedwa ndi njerwa zenizeni zoyalidwa mwaluso, onena kuti Ahmad ibn Hadidi ndiye analipira ntchitoyo ndi chuma chake, mmisiri wake anali Musa ibn Ali, ndipo inatha m'chaka chimene pa kawerengedwe kathu ndi 999. Mawuwa anakhala obisika pansi pa zomanga zina kwa zaka zambiri mpaka anawatulukira mu 1899.

Mukalowa, imani pakati n'kukweza maso. Mizati inayi imagawa chipindacho m'tizigawo tisanu ndi tinayi, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi kadenga kakekake, kolukidwa ndi timizere ta njerwa topingasana. Palibe tiwiri tofanana. Kena kapanga nyenyezi, kena mabokosi olowana, kapakati n'kotalikirapo kuposa tinzake. Mmisiriyo anali ndi malo ochepa ngati khitchini, koma anaikamo nzeru zisanu ndi zinayi. Kenaka tsitsani maso pa mitu ya mizatiyo. Ina mwa iyo ndi yakale kuposa mzikitiwo, anaitola pa nyumba za nthawi ya a Visigoth. Pitani chakutsogolo, mupeza chipinda chozungulira chimene Akhristu anawonjezera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 atausandutsa tchalitchi, ndipo pamwamba pake pakuonekabe chithunzi chofufuma cha Khristu. Amene anamanga chowonjezeracho anatsata njerwa ndi mapindidwe a mzikiti womwewo, mwakuti kunja simungaloze msanga pamene ntchito yakale yathera. Panja, pansi pa khomo, akatswiri ofukula zakale anapeza msewu wa Aroma wa miyala ikuluikulu. Mibadwo inayi yasanjikizana pamalo oti mungaponye mwala kuchoka uku kufika uko.

Pamsewu, pafupi ndi khomo, pali mwala umodzi woyera pakati pa yakuda. Nthano ya eni mzinda imati hatchi ya Alfonso VI inagwada pamenepo mu 1085, ndipo atabowola khoma anapeza mtanda ndi nyale imene inakhala ikuyaka chibisireni. Ndi nthano yokoma, ndipo ndi imene inapatsa nyumbayi dzina la kuwala. Koma ikhoza kukuiwalitsani mayina awiri aja olembedwa ndi njerwa, amene ndi a anthu enieni.

Kamangidwe kosakaniza kameneka, ka amisiri achisilamu ogwira ntchito pansi pa mafumu achikhristu, kamatchedwa mudéjar, ndipo mukakazindikira kamodzi muzikaona ponseponse: pa nsanja za matchalitchi zooneka ngati za mizikiti, pa zipata, pa madenga a matabwa. Kusakanizaku sikunathere pa njerwa. Mzindawu utagwa m'manja mwa Akhristu, munatsala mabuku ambiri a Chiarabu, munatsalanso anthu odziwa kuwawerenga: Ayuda, Asilamu, ndi Akhristu amene makolo awo anakhala pansi pa ulamuliro wachisilamu n'kumalankhula Chiarabu. Ophunzira ochokera kutali anayamba kubwera. Gerard wa ku Cremona anabwera kudzafuna buku la Ptolemy la zakuthambo lotchedwa Almagest, n'kukhaziratu kuno mpaka imfa yake mu 1187, atamasulira m'Chilatini mabuku oposa 70. Pakati pa mabukuwo panali la al-Khwarizmi la masamu a aljebra ndi la Ibn Sina la zamankhwala, limene madokotala a ku Ulaya anaphunzira kwa zaka mazana angapo. Nthawi zambiri ankagwira awiriawiri: wina kuwerenga Chiarabu n'kumanena m'chilankhulo cha pamsika, mnzake n'kumalemba m'Chilatini. Pambuyo pake mfumu Alfonso X, yobadwira ku Toledo konkuno mu 1221, inalimbikitsa kuti mabuku azimasuliridwanso m'chilankhulo cha Castilla, kholo la Chisipanishi cha lero. Palibe nyumba imene mungalowe n'kuti apa ndi pamene ankamasulira. Ntchito yaikulu kuposa zonse imene mzindawu unachitira dziko lapansi ilibe khomo logulitsirapo matikiti.

Tsopano pitani ku tchalitchi chachikulu, ndipo muchipatse ola limodzi ndi theka. Anayamba kuchimanga mu 1226 pamalo pamene panali mzikiti waukulu, womwenso unali pamalo a tchalitchi cha a Visigoth, ndipo ntchito yaikulu inatha mu 1493. Kuchokera kukhomo kukafika kumapeto ndi mamita 120. Chifukwa cha kuthithikana kwa nyumba simuchiona bwino muli kunja, chimangokudzidzimutsani mukakhota pakona. M'katimo muli chuma choti munthu sangachimalize, ndiye ndingotchula zimene sindingalole kuti muphonye.

Kuseri kwa guwa lalikulu kuli chimene amachitcha Transparente. Malo amenewo anali amdima, ndiye pakati pa 1729 ndi 1732 mmisiri Narciso Tomé anachita zimene ambiri akanaopa: anabowola denga la mwala, n'kutsegula zenera m'mwamba kuti kuwala kuzigwera pa malo osungira Ukaristia. Kuzungulira bowolo anaikapo angelo osema ndi ojambula, ena atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende ngati ana pa nthambi ya mango. Ena amati n'zochulukitsa, sizigwirizana ndi ulemu wa nyumba yonseyo. Ine ndimaona kuti m'mamawa, kuwala kukamatsika pamenepo, mkangano umatha wokha. Chapafupi muona zipewa zofiira zitalendewera pa zingwe kuchokera kudenga. Ndi za makadinala, chilichonse pamwamba pa manda a mwini wake, ndipo amazisiya choncho mpaka zitafumbwa.

M'chipinda chosungira chuma muli chotengera Ukaristia chimene Enrique de Arfe anamaliza mu 1524, chotalika kuposa munthu, chasiliva wokutidwa ndi golide, chooneka ngati kansanja ka tchalitchi kolukidwa ndi singano. Sichingokhala m'galasi chaka chonse. Pa chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye amachitulutsa n'kuyenda nacho m'misewu, atayala nsalu pamwamba pa njira yonse ndi kumwaza zitsamba zonunkhira pansi. Pa mipando ya oimba, yang'anani mzere wam'munsi: Rodrigo Alemán anasemapo nkhondo yolanda ufumu wachisilamu wa Granada, mpando uliwonse mudzi wake, nkhondoyo isanazizire n'komwe. Ndipo m'kachipinda kena kapakona, tsiku ndi tsiku amachitabe Misa motsata mwambo wakale wa Akhristu aja amene anakhala pakati pa Asilamu, mwambo umene Kadinala Cisneros anautchinjiriza kuti usafe.

Mu sakristiya ndi mmene mumakumana koyamba ndi munthu amene dzina lake lamatirira pa mzindawu. Domenikos Theotokopoulos anabadwira pa chilumba cha Crete mu 1541, anaphunzira ku Venice ndi ku Rome, n'kufika ku Toledo mu 1577. Eni dziko anangomutcha El Greco, Mgiriki. Chithunzi chake cha Yesu akuvulidwa malaya chili kumapeto kwa chipindacho, ndipo mkanjo wofiirawo umakukokani maso muli pakhomo. Akuluakulu a tchalitchi sanakondwe nacho. Anadandaula kuti mitu ya anthu wamba yakwera kuposa mutu wa Khristu, ndipo anakangana naye za mtengo. Mfumu Felipe II nayo sinakonde ntchito imene anaichitira. Choncho Mgirikiyo anakhala ku Toledo mpaka kumwalira mu 1614, akujambula anthu aatali, oonda, oyang'ana kumwamba.

Pofika apa njala yayamba. Ku Spain chakudya chamasana chimayamba cha m'ma 2 koloko, ndipo masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka mpaka chakumadzulo. Mukafuna za kwawo kuno, funsani carcamusas, nyama ya nkhumba yophikidwa ndi tomato ndi nsawawa, kapena nkhwali yofutsa, kapena tchizi cha mkaka wa nkhosa cha ku La Mancha. Chotsekemera chake ndi mazapán, mtedza wa almond wosinja pamodzi ndi shuga, woumbidwa timiyezi ndi tinsomba n'kuwambidwa pang'ono pamwamba. Nyumba zina za masisitere zimagulitsa wawo.

M'misewu yopita kumadzulo mashopu adzaza malupanga. Chitsulo cha Toledo chinatchuka kuyambira kale, koma ambiri mwa amene apachikidwa m'mawindomo ndi okongoletsera pakhoma basi. Chimene chiyenera mphindi zanu khumi ndi ntchito ya damasquinado, ndipo m'mashopu ena mmisiri amakhala pakhomo pomwepo akugwira. Amatenga kachitsulo kosalala, n'kukakanda timizere tosaoneka ndi maso mpaka kakhale kokhakhala. Dzanja lina lagwira ulusi wagolide woonda ngati tsitsi, lina kachitsulo kosongoka. Amagoneka ulusiwo, kuukanikiza, kuupinda, kuukanikizanso, osajambuliratu, duwa kapena nyenyezi n'kumatuluka pang'onopang'ono. Akatha amakhomerera ndi kanyundo, tiki tiki tiki, golide n'kulowerera m'timizere tija. Kenaka amaviika chitsulocho m'mankhwala otentha amene amachidetsa bii, golide yekha n'kutsala akuwala. Dzina la lusoli likuloza ku Damascus. Zopangidwa ndi makina ziliponso, zotchipa, ndipo mumazidziwa chifukwa zonse zimafanana ndendende. Ya pamanja ukaiyandikiza ku diso umaona pamene dzanja linanjenjemera pang'ono.

Tchalitchi cha Santo Tomé anthu amachilowera chinthu chimodzi, ndipo pamakhala mzere. Dikirani ndithu. Pakhoma pali chithunzi chachikulu cha El Greco, mamita 4.8 m'litali ndi 3.6 m'lifupi, chimene anajambula pakati pa 1586 ndi 1588, chosonyeza maliro a Gonzalo Ruiz, mwini mudzi wa Orgaz, amene anamwalira mu 1323. Munthuyu anali wopatsa, ndipo anthu ankasimba kuti pa maliro ake Stefano Woyera ndi Augustino Woyera anatsika kumwamba kudzamuika m'manda ndi manja awo. Chiyambi cha chithunzichi ndi mlandu. Malemuyo analamula kuti anthu a ku Orgaz azipereka mphatso ku tchalitchichi chaka ndi chaka, iwo m'kupita kwa nthawi analeka, wansembe Andrés Núñez anawasumira n'kupambana, ndipo pofuna kuti nkhaniyo isaiwalikenso anaitana wojambula.

Chithunzicho chili pawiri. Pansi pali maliro: oyera awiri aja atavala zagolide, Stefano mnyamata, Augustino wa ku Hippo kumpoto kwa Africa nkhalamba ya ndevu zoyera, atanyamula mtembo wovala zankhondo zachitsulo. Kumbuyo kwawo kwandanda amuna ovala zakuda, makolala oyera, ndipo nkhope zawo ndi za anthu enieni a mu Toledo a nthawi ya wojambulayo, mwakuti oyamba kuchiona ankalozerana anansi awo. Pamwamba zonse zasungunuka: mitambo, matupi otalika, mngelo atanyamula mzimu wa malemuyo wooneka ngati kakhanda ka utsi, akuulowetsa pa mpata wopapatiza ngati ukubadwa kachiwiri. Gulu la alendo likasuntha, sendezani kutsogolo muyang'ane kumanzere, m'munsi. Pali kamnyamata kakuyang'ana inuyo, chala chikuloza mtembo. Ndi Jorge Manuel, mwana wa El Greco. M'thumba mwake mukutuluka kampango, ndipo pa kampangoko bambo ake anasainapo dzina lawo m'zilembo za Chigiriki n'kulembapo 1578, chaka chimene mwanayo anabadwa. Manda a Gonzalo Ruiz ali pansi pa chithunzicho, pafupi ndi mapazi anu.

Kuchokera apa mwalowa kale m'dera limene munkakhala Ayuda. Pansi ndi pa makoma muona timatailosi tating'ono tokhala ndi zilembo za Chiheberi kapena choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri. Ndi taposachedwa, toikidwa kuti tizikumbutsa. Masunagoge analipo pafupifupi khumi, atsala awiri.

Woyamba, wotchedwa El Tránsito, anamangidwa cha m'ma 1357 ndi Samuel ha-Levi, msungichuma wa mfumu Pedro I. Kunja ndi njerwa wamba. M'kati ndi chipinda chimodzi chachitali, khoma lakutsogolo lonse litakutidwa ndi pulasitala wosemedwa ngati nsalu yoluka, mizere ya Masalimo m'Chiheberi ikuyenda m'mwamba kuzungulira, mawu ena a Chiarabu, ndi chizindikiro cha mafumu a Castilla pakati pake. Myuda analipira, luso ndi lachisilamu, ulemu ukupita kwa mfumu yachikhristu. Patangopita zaka zitatu mfumu yomweyo inamumanga Samuel ha-Levi pomuganizira kuti wabisa chuma, ndipo anafera m'manja mwa omuzunza ku Sevilla mu 1360. Lero nyumbayi ndi yosungiramo mbiri ya Ayuda a ku Spain. Dziwani kuti Lolemba imakhala yotseka.

Wachiwiri ali chapafupi, ndipo dzina lake lokha likunena zonse: Santa María la Blanca, sunagoge wotchedwa dzina la Maria Woyera. Ndi wakale kuposa woyamba uja, wa cha m'ma 1200. Mizere ya mizati yoyera ya mbali zisanu ndi zitatu yanyamula makomo opindika ngati chiboda cha hatchi, mitu ya mizatiyo itasemedwa zibalobalo za paini. Mulibe mipando, mulibe phokoso, kuyera kokhakokha. Mu 1391 chipolowe chopha Ayuda chinabuka m'mizinda yambiri ya ku Spain ndipo chinafikanso kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 sunagogeyu analandidwa n'kukhala tchalitchi, pambuyo pake anakhalapo nyumba ya asilikali, ngakhale mosungira katundu.

Pa zikwangwani ndi timabuku ta alendo, Toledo amatchedwa mzinda wa zikhalidwe zitatu. Mawuwa ndi oona, makoma akuchitira umboni. Koma mlendo wothamanga angachoke akuganiza kuti anthu a zikhalidwe zitatuzi ankadyera mbale imodzi mpaka kalekale, ndipo pamenepo akhala atanamizidwa. Ankakhalira limodzi, inde, kugulana malonda, kumangirana nyumba, kumasulirana mabuku, koma wina ali pamwamba, ena akulipira msonkho wapadera ndi kudalira mtima wa mfumu. Ndi mu Toledo momwemuno mmene mu 1449 munalembedwa lamulo loletsa Akhristu ochokera m'mabanja achiyuda kukhala pa maudindo, kuyamba kuweruza munthu potengera magazi a makolo ake ngakhale atabatizidwa. Mu 1492 mafumu Isabel ndi Fernando analamula Ayuda onse kuti abatizidwe kapena achoke. Asilamu anakakamizidwa kubatizidwa zaka khumi pambuyo pake, ndipo zidzukulu zawo zinathamangitsidwa pakati pa 1609 ndi 1614. Nyumba zimene mwalowamo lerozi zinapulumuka chifukwa zinasinthidwa dzina ndi mwini. Ayuda ochoka kuno anamwazikira ku Morocco, ku Turkey, ku Greece ndi kwina, n'kusunga Chisipanishi chawo chakale kwa zaka 500, ndipo m'mabanja ena mumasimbidwa za kiyi wa nyumba ya ku Toledo wopatsirana mibadwomibadwo. Mu 2015 dziko la Spain linakhazikitsa lamulo lolola zidzukulu zawo kupempha unzika. Zidzukulu za Asilamu aja sizinapatsidwe mwayi wotere.

Kumapeto kwa msewu wa masunagoge aja kuli San Juan de los Reyes, nyumba ya amonke imene Isabel ndi Fernando anamangitsa pothokoza Mulungu itatha nkhondo ya ku Toro ya mu 1476. Ankafuna kudzaikidwa m'menemo, koma atalanda Granada anasintha maganizo, ndipo manda awo ali kumeneko. Bwalo lake lam'kati, la mitengo ya malalanje ndi miyala yosemedwa masamba ndi tinyama, ndi malo abwino opumulirapo miyendo. Musanalowe, yang'anani khoma lakunja. Palendewera maunyolo akuda, mizeremizere. Ndi amene anamasulidwa ku miyendo ndi manja a Akhristu amene anali akapolo m'midzi ya ufumu wa Granada. Nawonso anali anthu, nawonso analira, ndipo mzinda uno ukusunga chisoni cha mbali zonse.

Alcázar uja munamuona muli pamlatho mutha kumusiya pa ulendo wa tsiku limodzi. Nyumbayo inagumuka pafupifupi yonse mu 1936, pa nkhondo yapachiweniweni, pamene asilikali oukira boma otsogozedwa ndi José Moscardó anatsekeredwamo masiku pafupifupi 70 mpaka ankhondo a Franco, mmodzi wa atsogoleri a oukirawo, anadzawapulumutsa. Imene ilipoyi ndi yomangidwanso, ndipo muli zinthu zakale za asilikali zofuna theka la tsiku pazokha.

Ola lomaliza lisungireni kutsidya. Tsikirani ku mlatho wa San Martín, kapena kwerani basi kapena takisi yopita ku Mirador del Valle, pa msewu wozungulira kummwera kwa mtsinje. Kumeneko mzinda wonse umaoneka nthawi imodzi, monga momwe El Greco anaujambulira pansi pa mitambo yamkuntho, ngakhale iye anaima mbali ina ndipo anasuntha nsanja ya tchalitchi kuiika pamene anafuna. Chithunzi chimenecho chili ku New York tsopano. Dzuwa likamalowa njerwa zimasanduka zofiirira ngati dothi lakatondo, mtsinje pansi n'kuda. Mumatha kuloza ndi chala: apo nsanja ya tchalitchi chachikulu, apo Alcázar, uko kumanzere San Juan de los Reyes, ndipo pafupi naye, ngati maso anu ali akuthwa, denga la sunagoge wa Samuel ha-Levi. Kamzikiti kaja sikaoneka, kali kuseri kwa phiri. Mabasi a alendo amakhala atapita, nyale za m'misewu zikuyaka imodziimodzi, mabelu akuyankhizana kutsidya kwa chigwembe. Tikiti yobwerera ikhale yogulidwa kale m'mamawa, chifukwa sitima za madzulo zimadzaza, ndipo kuchoka pano kukafika ku siteshoni wapansi ndi mtunda wa theka la ola, motsata mtsinje.